Ukwati Wodutsa Malire ndi Thandizo la Anthu Aulumali: Zoyenera Kudziwa Mabanja a m'Boma la Ntcheu

Unduna woona za chisamaliro cha anthu ukudziwitsa anthu onse a m'boma la Ntcheu, makamaka alimi ndi ochita malonda a m'madera a m'malire, za momwe malamulo amagwirira ntchito pamene munthu waulumali yemwe akulandira thandizo la boma wamanga banja ndi nzika ya dziko lina, ndipo awiriwo akufuna kukhala pamodzi kuno ku Malawi kapena kudziko la mnzakeyo.

Mutu wa nkhani ndi uwu: ulumali suletsa munthu kukwatira, kukwatiwa kapena kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake kuchokera kunja. Koma ukwati pawokha supereka chilolezo chokhala m'dziko, ndipo ndalama zomwe boma limapereka kwa ovutika siziwoloka malire pamodzi ndi wolandirayo. Ukwati uli ndi lamulo lake, kukhala m'dziko kuli ndi lamulo lake, nalo thandizo lili ndi ndondomeko yake, ndipo chilichonse chili ndi ofesi yakeyake. Banja lomwe lalongosola chimodzi n'kusiya ziwiri zinazo limatha kupezeka litataya thandizo lomwe linali nalo, kwinaku mmodzi mwa awiriwo akukhala m'dziko popanda mapepala.

Malire omwe anadutsa pakati pa abale

Aliyense yemwe anayendapo pamsewu wa M1 kuchokera pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza akudziwa kuti m'madera a Biriwiri, Mlangeni ndi Lizulu msewuwu umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire. Pa Lizulu munthu akhoza kugula kachewere ali ku Malawi, n'kungodumpha msewu kukagula chitenje ali ku Mozambique. Malirewa anagwirizana ndi maboma a Britain ndi Portugal m'chaka cha 1891, pomwe Angoni a kwa Maseko anali atakhazikika kale m'dera la Domwe, lomwe lero lili m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete. Anthu a mbali ziwirizi amalankhula chinenero chimodzi, amavina ngoma imodzi, ndipo ambiri ndi amfunda umodzi. M'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ku Mozambique, yomwe inatha ndi mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, dziko lino linasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu inali mwa maboma omwe analandira ambiri. Ena mwa iwo anamanga mabanja konkuno.

Choncho kwa munthu wa kwa Njolomole, kwa Mpando kapena kwa Chakhumbira, kukwatira kutsidya si nkhani yachilendo. M'maso mwa mudzi, mkamwini wochokera ku Ulónguè ndi mkamwini basi. M'maso mwa lamulo, iye ndi nzika ya dziko lina. Kusiyana kumeneku sikuoneka pomwe zinthu zili bwino. Kumaonekera tsiku lomwe pafunika chiphaso.

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti m'dziko lonse, anthu 10.4 mwa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. N'zosachita kufunsa kuti mwa mabanja omangidwa modutsa malirewa muli anthu aulumali ochuluka ndithu.

Ufulu wa munthu waulumali

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 22 limapereka kwa amuna ndi akazi onse ufulu womanga banja. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali, lomwe ndime yake ya 18 ikukamba za ufulu woyenda ndi kusankha kokhala, pomwe ya 23 ikukamba za ufulu wa ukwati ndi banja. Mu 2024 panakhazikitsidwa lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe linalowa m'malo mwa malamulo a 1971 ndi 2012, ndipo bungwe lomwe ambiri ankalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA. Wachibale, mfumu kapena wogwira ntchito m'boma alibe mphamvu zoletsa ukwati wa anthu awiri a zaka 18 kapena kuposera apo omwe agwirizana okha, pachifukwa chakuti mmodzi sayenda, saona, samva kapena ndi wachialubino.

Mtukula Pakhomo ndi thandizo la khomo

Pamfundo iyi ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mtukula Pakhomo si malipiro a ulumali. Pulogalamuyi, yomwe inayamba mongoyesera m'boma la Mchinji mu 2006 n'kufika m'maboma onse 28 mu 2018, imathandiza khomo lonse, monga dzina lake likunenera. Ku Ntcheu ndi ku Balaka pulogalamuyi yakhala ikuthandizidwa ndi boma la Ireland. Malinga ndi ndondomeko yomwe yakhala ikutsatidwa, khomo limasankhidwa ngati lili losaukitsitsa komanso ngati lilibe manja okwanira ogwira ntchito. Mfundo yachiwiriyi ikutanthauza kuti pakhomopo palibe munthu wa zaka zapakati pa 19 ndi 64 yemwe angathe kugwira ntchito, kapena alipo koma munthu mmodziyo akusenza anthu oposa atatu omwe sangathe kudzithandiza, monga ana, okalamba, odwala nthawi yaitali ndi omwe ulumali ukuwalepheretsa kugwira ntchito. Zambiri za mabanja zimatengedwa mu kaundula wa UBR, ndipo mayina amakatsimikizidwa pamsonkhano wa anthu a m'deralo. Cholinga chakhala chofikira pafupifupi makomo 10 mwa 100 aliwonse.

Kunena kwina, munthu waulumali amapezeka mu Mtukula Pakhomo chifukwa cha momwe khomo lake lilili, osati chifukwa cha ulumali wokhawo. Khomo likasintha, nkhani yake imaunikidwanso.

Titengere chitsanzo cha mayi yemwe ulumali wa miyendo ukumulepheretsa kulima, ndipo akulera ana atatu aang'ono. Pakhomo pake palibe wogwira ntchito, n'chifukwa chake anasankhidwa. Mayiyu akakwatiwa ndi bambo wamphamvu zake wochokera ku Angónia, yemwe wabwera kudzakhala chikamwini, khomolo likhala ndi wogwira ntchito mmodzi wosenza anthu anayi: mayiyo ndi ana atatu aja. Anayi aposa atatu, kotero pamfundo ya manja ogwira ntchito khomoli likadali m'gulu lomwelo, ndipo chotsala n'kuona ngati likadali losaukitsitsa. Anawo akanakhala awiri, wogwira ntchito mmodzi akanasenza anthu atatu okha, ndipo pakawuniwuni wotsatira khomolo likanatha kupezeka kuti silikukwaniritsanso mfundoyo. Chomwe chikuwerengedwa apa si dziko lomwe bamboyo wachokera ayi. Zikanakhala chimodzimodzi akanakhala wa ku Sharpevale kapena ku Kasinje.

Pali ena omwe amabisa ukwati poopa kuchotsedwa mu pulogalamu. Kuteroko n'kudzitchera msampha. Choyamba, kuchuluka kwa ndalama zomwe khomo limalandira kumatengera chiwerengero cha anthu a pakhomopo, ndipo pamakhala zoonjezera za ana omwe ali pasukulu ya pulayimale ndi sekondale. Khomo lomwe labisa anthu limatha kudzimana lokha. Chachiwiri, m'mudzi mulibe chinsinsi cha ukwati. Dandaulo likafika ku ofesi kuchokera kwa anansi, banjalo limayamba ndi kudziyeretsa pa mlandu wonama lisanafotokoze n'komwe za umphawi wake. Chachitatu, n'chomwe tikambe m'munsimu: ukwati womwe mwaubisa ku ofesi ina mudzafuna kuutsimikiza ku ofesi inzake. Njira yabwino ndi kudziwitsa komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Ntcheu pakangochitika kusintha kulikonse: ukwati, kubadwa kwa mwana, imfa kapena kusamuka.

Palinso nkhani ya wolandirira. Anthu ambiri aulumali amasankha munthu wina wowatengera ndalama, ndipo mwachibadwa amaganiza za mkazi kapena mwamuna wawo. Dziwani kuti polandira ndalama, makamaka kudzera kubanki kapena pafoni, pamafunika chiphaso chovomerezeka m'dziko muno. Ngati mnzanuyo sanalongosole mapepala ake, sankhani kaye wachibale wina wodalirika yemwe ali ndi chiphaso cha unzika, ndipo dzina lake lilembedwe ku ofesi.

Khomo likasamukira kunja kwa dziko lino, thandizo la Mtukula Pakhomo limathera pomwepo. Ngati wasamuka ndi munthu mmodzi yekha, monga mayi yemwe wapita chitengwa kutsidya n'kusiya ana ndi agogo awo, ofesi iyenera kudziwitsidwa kuti ione za otsalawo ndi kulemba wolandira wina. Kusiya khadi kapena simu kwa mnansi kuti azikutengerani inu muli kunja n'kulanda malo a khomo lina lomwe likudikira.

Kubweretsa mkazi kapena mwamuna wanu ku Malawi

Poyambira ndi umboni wa ukwati. Lamulo la maukwati, kutha kwa maukwati ndi ubale wa m'banja la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, ukwati wa mwambo, ukwati wa kutchalitchi kapena kumzikiti, komanso ukwati wongolowana. Wotsirizawu ndi wovuta kuudalira pa nkhani ya mapepala, chifukwa umazindikirika pokhapokha bwalo la milandu litaunika n'kugamula, ndipo mwa zina bwalolo limaona ngati awiriwo akhala limodzi kwa zaka zosachepera zisanu. Kuno kwathu ukwati umaima pa ankhoswe, ndipo palibe yemwe akuchepetsa udindo wawo. Koma ankhoswe sangakwere basi ndi inu kupita ku Lilongwe nthawi iliyonse pomwe ofesi yafunsa umboni. Lembetsani ukwati wanu wa mwambo kudzera kwa mfumu yaikulu ya dera lanu ndi ofesi ya DC, mutenge setifiketi. Ngati ukwati munamangira ku Mozambique n'kulembetsa kumeneko, setifiketiyo ndi yovomerezeka, koma poti imakhala m'Chipwitikizi, konzani zoti imasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka.

Mukakhala ndi setifiketi, nkhani imapita ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko komanso unzika, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Anthu a ku Ntcheu amathandizidwa ndi ofesi ya chigawo chapakati ku Lilongwe, ndipo malangizo oyamba angapezeke pachipata cha Biriwiri. Nzika ya Mozambique imalowa m'dziko muno popanda viza, koma imalowa ngati mlendo. Chidindo cha mlendo chimakhala cha masiku 30, ndipo chikhoza kuwonjezeredwa mpaka masiku 90. Nacho chiphaso cha bodapasi ndi cha maulendo afupiafupi a anthu a m'malire, monga a kumsika, kumaliro ndi kokaona abale. Palibe mwa ziwirizi chomwe chimalola munthu kumanga nyumba n'kukhazikika.

Wofuna kukhalitsa amapempha chilolezo chokhala m'dziko. Chilipo cha kanthawi, chotchedwa Temporary Residence Permit, ndi chokhazikika, chotchedwa Permanent Residence Permit, chomwe mkazi kapena mwamuna wa nzika ya Malawi angathe kupempha. Mwa zomwe mukonzekere kuonetsa ndi pasipoti ya wopemphayo yomwe sinathe ntchito, setifiketi ya ukwati, chiphaso cha unzika cha Mmalawiyo, kalata ya apolisi a dziko lomwe wopemphayo akuchokera yotsimikiza kuti alibe milandu, lipoti la kuchipatala, zithunzi, ndi kalata ya Mmalawiyo yofotokoza momwe banjalo lizidzipezera zofunika pa moyo. Mitengo ya zilolezozi imasintha, choncho funsani ku ofesi komweko, ndipo pa ndalama iliyonse yomwe mwapereka landirani risiti ya boma ya GR.

Funso la momwe banja lizidzisamalira ndi lomwe limadetsa nkhawa anthu aulumali. Lamulo loona za olowa m'dziko, lomwe lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1964, lili ndi ndime zolola boma kukaniza munthu yemwe akuoneka kuti adzakhala mtolo wa boma chifukwa cha kufooka kwa thupi kapena kusowa womusamalira, pokhapokha patapezeka womuimira. Mawu a ndimezi ndi a nthawi yakale, ndipo lero ayenera kuwerengedwa limodzi ndi malamulo aakulu a dziko komanso lamulo la 2024 lija. Chomwe chikufunsidwa kwenikweni ndi chakuti: kodi munthuyu azidya chiyani, azigona kuti, ndipo akadwala amusamala ndani? Yankhani funso limeneli ndi umboni wogwirika. Musangolemba kuti "ndimalandira Mtukula Pakhomo" n'kulekeza pomwepo. Tchulani munda womwe banja likulima ndi kalata ya mfumu yotsimikiza, zokolola zomwe mumagulitsa monga kachewere, kabichi, tomato kapena nyemba, ziweto, malonda ang'onoang'ono, buku la banki m'khonde, luso la mnzanuyo monga ukalipentala kapena utelala, ndiponso wachibale yemwe wavomera kukuimirani. Ngati waulumaliyo ndi amene akuchokera kunja, lipoti la kuchipatala lifotokoze bwino za ulumaliwo ndi chisamaliro chomwe chikufunika, kuti pasakhale zongoganizira.

Chilolezo chokhala m'dziko si unzika. Unzika umapemphedwa paokha motsatira lamulo la unzika la 1966, ndipo subwera ndi mphete. Pamfundoyi Unduna ukuchenjeza mwamphamvu mabanja ndi mafumu omwe. Chiphaso cha unzika, chomwe bungwe la NRB linayamba kupereka m'kalembera wamkulu wa 2017, ndi cha Amalawi a zaka 16 kupita m'tsogolo. Nzika ya dziko lina yomwe ili ndi chilolezo chokhala kuno imalembetsa ngati mlendo wokhala m'dziko, n'kulandira chiphaso cha mtundu wake. Kuchitira umboni wabodza kuti mkamwini kapena mtengwa wochokera kutsidya ndi mbadwa ya mudzi wanu ndi mlandu, kwa iye ndi kwa wochitira umboniyo. Chifundo cha mtundu umenewu chimaononga mwayi wa munthu yemwe akanatha kupeza mapepala ake m'njira yoyenera.

Ana ndiwo savuta. Mwana wobadwira m'dziko muno yemwe mmodzi mwa makolo ake ndi Mmalawi, kaya bambo kaya mayi, ndi Mmalawi. Mulembetseni akangobadwa kuti akhale ndi setifiketi ya kubadwa.

Kwa alimi, dziwani kuti zipangizo zaulimi zotsika mtengo zimagulidwa ndi chiphaso cha unzika, kotero dzina lolembedwa pakhomo likhale la Mmalawiyo. Kwa ochita malonda, kukwatira Mmalawi sikusandutsa chidindo cha mlendo kukhala chilolezo cha ntchito kapena cha bizinesi. Funsani ku nthambi ya olowa ndi otuluka ngati chilolezo chomwe mnzanuyo ali nacho chikumulola kugwira ntchito kapena kuchita malonda, musanatsegule okala m'dzina lake.

Kusamukira ku Mozambique

Mfundo ndi zomwezo, kungozitembenuza. Mmalawi yemwe wapita kukakhala kwa mkazi kapena mwamuna wake kutsidya amafunika chiphaso cha mlendo wokhala m'dzikolo, chotchedwa DIRE, chomwe amapereka ndi a SENAMI. Dzikolo lili ndi thandizo lakelake la okalamba, odwala nthawi yaitali ndi anthu aulumali a m'mabanja osauka, lotchedwa PSSB, lomwe limayendetsedwa ndi bungwe la INAS. Kukhala mu Mtukula Pakhomo kuno sikukulowetsani mu PSSB, ndipo nayenso wa PSSB akasamukira kuno salowa mu Mtukula Pakhomo chifukwa chakuti ankalandira kwawo. Palibe kaundula wolumikiza mapulogalamu awiriwa. Banja lomwe likusankha kokhala liyambe lawerengera kuti miyezi yoyamba lidzakhala lopanda thandizo lililonse.

South Africa

Amalawi ambiri ali ku Joni, ndipo ena amanga mabanja ndi nzika za kumeneko. Lamulo la dzikolo loona za olowa m'dziko, la 2002, limalola mkazi kapena mwamuna wa nzika kupempha viza yokhala ndi mnzake, ndipo pansi pa gawo 11(6) vizayo ikhoza kukhala ndi chilolezo chogwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi. Chilolezo chokhazikika chimapemphedwa ukwati ukakwanitsa zaka zisanu, ndipo chimafa ngati ukwatiwo watha pasanapite zaka ziwiri chiperekedwereni, kupatula ngati watha ndi imfa. Mu 2019 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo, pa mlandu wa Nandutu, linagamula kuti mkazi kapena mwamuna wa nzika yemwe analowa ngati mlendo akhoza kupempha kusintha viza ali m'dziko momwemo. Chigamulochi sichilola munthu kupyola masiku. Mmalawi amalowa popanda viza kwa masiku 30, ndipo wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena zaka zisanu ngati wapyola ndi masiku oposa 30.

Mosiyana ndi kuno, South Africa ili ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi ya munthu waulumali payekha, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la SASSA. Kuyambira mu Epulo 2025 ndalamayi inali R2,315 pamwezi. Olandira ndi nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka, a zaka 18 mpaka 59, omwe dokotala watsimikiza ulumali wawo. Kuti okhala ndi chilolezo chokhazikika alowe m'gululi panachita kufunika mlandu: mu 2004, pa mlandu wa Khosa, anthu ochokera ku Mozambique omwe anathawa nkhondo ija n'kukhazikika ku South Africa anapambana kubwalo lomwelo. Koma Mmalawi waulumali yemwe ali ndi viza ya m'banja yokha sali m'gululi. Kunena mosapsatira, padutsa zaka zosachepera zisanu asanayambe n'komwe kuganizira za SASSA, pomwe thandizo la kuno analisiya tsiku lomwe anawoloka pa Dedza kapena pa Mwanza.

Ngati wolandira ndalama ya SASSA ndi mnzanu wa ku South Africa, pali ziwiri zoti mudziwe. Poyesa ngati munthu wapabanja akuyenera kulandira, SASSA imaphatikiza zopeza za onse awiri, kotero malipiro anu akhoza kuchepetsa kapena kuimitsa ndalama yake. Ndipo mukaganiza zobwera naye kudzakhala ku Ntcheu, ndalamayo imaima munthu akakhala kunja kwa dzikolo kwa masiku oposa 90.

Maiko akutali

Owerengeka okha ndi amene nkhaniyi imawakhudza, koma ndi amene amataya ndalama zambiri akalakwitsa. Ku United Kingdom, woitanitsa mkazi kapena mwamuna wake amayenera kuonetsa kuti amapeza £29,000 pachaka. Mulingo umenewu unayamba mu Epulo 2024, kuchoka pa £18,600 yomwe inalipo kuyambira 2012. Komabe woitanitsa yemwe akulandira thandizo la ulumali monga Personal Independence Payment, Disability Living Allowance kapena Attendance Allowance samangidwa ndi mulingowu. M'malo mwake amaonetsa kuti, akachotsa zolipira nyumba, ndalama zotsala sizikuchepera zomwe banja la kukula komweko likanalandira pa thandizo la Income Support, komanso kuti pali nyumba yokwanira. Woitanidwayo amayezetsa TB, amalemba mayeso a Chingerezi, amalipira viza ndi msonkho wa zachipatala, ndipo saloledwa kulandira thandizo la boma m'dzina lake kufikira atapeza chilolezo chokhazikika, chomwe mwa njira yodziwika chimatenga zaka zisanu. Ku Canada, munthu wolandira thandizo la boma la osauka saloledwa kuitanitsa mnzake, kupatula ngati thandizolo akulandira chifukwa cha ulumali. M'maiko awiri onsewa, ulumali wa woitanitsa si chotchinga. Chotchinga chimakhala umboni wosakwanira.

Mmalawi wobadwa nawo unzika yemwe pambuyo pake watenga unzika wa dziko lina sakuyeneranso kutaya wa kuno, chifukwa lamulo la unzika linasinthidwa mu 2019 kuti lilole unzika wa maiko awiri. Koma pali ndondomeko yolembetsa yoyenera kutsatidwa ku nthambi ya olowa ndi otuluka.

Ukwati wa papepala ndi madobadoba

Munthu waulumali yemwe ali ndi chiphaso cha unzika komanso ndalama yobwera mwezi ndi mwezi amakopa anthu ena a zolinga zoipa. Alipo omwe amafunsira ukwati pofuna mapepala, malo a bizinesi kapena khadi la Mtukula Pakhomo. Ankhoswe achite ntchito yawo: akafike kwawo kwa munthuyo, adziwe abale ake, afufuze ngati alibe banja lina. Mwini wake afunsidwe maganizo ake payekha, ndipo ngati samva kapena salankhula, papezeke womasulira chinenero cha manja yemwe si wa mbali ya wofunsirayo. Ndalama za Mtukula Pakhomo zikayamba kulandidwa ndi mkazi kapena mwamuna, imeneyo ndi nkhanza ya m'banja, ndipo ikanenedwe ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kapena kunthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Wolonjezedwa ukwati kunja ndi munthu yemwe anangodziwana naye pa Facebook kapena pa WhatsApp, n'kuuzidwa kuti pasipoti asunga ndi wina, akumbukire kuti umu ndi momwe ena ozembetsa anthu amayambira. Lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limapereka chilango chokhwima kwambiri.

Madobadoba omwe amati angakupezereni setifiketi ya ukwati, chidindo kapena chiphaso "mwachangu" musawapatse ndalama kapena mapepala anu. Pepala labodza likagwidwa, woyankha mlandu ndi amene dzina lake lili pamenepo.

Za Mtukula Pakhomo ndi madandaulo ake, pitani kwa komiti ya m'dera lanu kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Ntcheu. Za kulembetsa ukwati, kubadwa kwa mwana ndi ziphaso, pitani ku ofesi ya DC ndi ya NRB pa boma pomwepo. Za zilolezo ndi unzika, funsani pa Biriwiri kapena ku ofesi ya chigawo ku Lilongwe. Yemwe akuona kuti wakanizidwa thandizo chifukwa cha ulumali akhoza kukadandaula ku MACODA, ku bungwe la Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya Ombudsman, ndipo mabungwe a anthu aulumali omwe ali pansi pa FEDOMA angathe kumulangiza. Popita ku ofesi iliyonse tengani mapepala enieni pamodzi ndi mafotokope ake, ndipo yemwe akufuna womuperekeza kapena womasulira ali ndi ufulu wolowa naye.